Ndilembe ndekha, nditsogolere ndekha, nyimbonso ndipeke ndekha?

Funso la lero lachokera kwa mbale wathu wa ku Turffontein mu mzinda wa Johannesburg, yemwe mkati mwa sabata amagwira ntchito m'khitchini ya lesitilanti, Lamlungu n'kumaimba kiyibodi kutchalitchi. Akuti: "Ndalemba nkhani ya filimu ya masamba 140. Ndi ya mnyamata wa ku Mangochi amene wabwera kuno ku Joni kudzafunafuna bambo ake omwe anatchona. Ndasunga R45,000. Ndikufuna kuitsogolera ndekha, nyimbo zakenso ndipeke ndekha popeza ndimaimba. Anzanga akuti ndikudzimva. Kodi n'zotheka? Nanga ndiyambire pati?"

Achimwene, n'zotheka, ndipo anzanuwo sanalase pamene pali chilonda. Kudzimva si vuto lanu. Vuto la munthu amene walemba yekha, akutsogolera yekha, n'kudzaimbanso yekha, ndi lakuti alibe womukaniza. Filimu ikakhala ya anthu atatu, wolemba akabweretsa scene (kachigawo ka nkhani kochitikira pamalo amodzi) yotalika, dairekita amaidula. Dairekita akajambula chinthu chofooka n'kufuna kuchikwirira ndi nyimbo, woimba amamuuza kuti apa ngakhale ndiimbe bwanji sipadzuka. Koma inu mukakhala nokha, wolemba, dairekita ndi woimba amagonera pilo imodzi, ndipo amavomerezana pa chilichonse. Mafilimu ambiri a abale athu ndawaona akufa imfa imeneyi. Yanga yoyamba ili m'manda omwewo.

Sikuti sizinachitikepo. Charlie Chaplin ankalemba, kutsogolera, kusewera ndi kupeka nyimbo za mafilimu ake, ngakhale kuti manotsi sankadziwa kulemba: ankang'ung'udza nyimbo, akatswiri ena n'kumamuikira papepala. Amene ndimakonda kumutchula ndi Satyajit Ray wa ku India. Filimu yake yoyamba inatuluka mu 1955, koma nyimbo anayamba kudzipekera mu 1961. Zaka za pakatipo ankaitana oimba ena monga Ravi Shankar, iye n'kumaphunzira kuti nyimbo imalowera pati ndipo imatulukira pati. Choncho zipewa zitatuzi mukhoza kuvala, koma osati tsiku limodzi, ndipo pa chipewa chilichonse payenera kukhala munthu amene mwamupatsa mphamvu yokuuzani kuti ayi.

Tiyambe ndi masamba 140 anuwo, chifukwa ndalama zanu zithera pamenepo musanayatse n'komwe kamera. Ngati script, nkhani ya filimu ya papepalayo, yalembedwa m'kalembedwe kovomerezeka, ka zilembo za Courier za saizi 12, tsamba limodzi limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa kanema. Ndiye kuti mwalemba filimu ya maola awiri ndi mphindi 20. Gulu laling'ono lodziwa ntchito limajambula masamba ngati 5 patsiku. Masamba 140 ndi masiku 28. Tinene kuti muli anthu 12 ndipo aliyense mukumudyetsa za R60 patsiku: chakudya chokha chatenga R20,160, musanalipire takisi, musanabwereke kamera, musanagule batire. Mukadula n'kufika masamba 85, masiku atsika kufika 17 ndipo chakudya chatsikira pa R12,240. Komanso musaiwale kuti inu ndi anzanu nonse ndinu apantchito. Masiku 28 a munthu wojambula pa ofu pokha ndi miyezi yambirimbiri, ndipo m'miyezi imeneyo wosewera wanu wamkulu adzameta, mtsikana adzaluka tsitsi lina, eni nyumba adzapenta chipinda chomwe munayambira scene, wina adzaitanidwa kumudzi kumaliro osabwereranso. Zonsezi zimaonekera pa kanema.

Kudula sikutanthauza kuchotsa mzere uwu ndi uwo. Tengani pepala mulembe malo amene mungalowemo ndi kamera mawa lomwe popanda kulipira: kachipinda ka kuseri komwe mumagona, khitchini ya kuntchito tsiku lomwe atseka ngati bwana alola, tchalitchi chanu mkati mwa sabata, shopu ya telala mnzanu, pometera tsitsi. Kenako bwererani ku nkhani ija muikokere m'malo amenewo. Ndikuganiza kuti masamba anu oyamba 20 ndi a ulendo: kutsanzikana ku Mangochi, basi, Mwanza, mlatho wa ku Tete, Nyamapanda, mzere wa ku Beitbridge. Ndikudziwa chifukwa aliyense wa ife amafuna kuufotokoza ulendo umenewo, unatipweteka tonse. Koma pachipata cha dziko sakulolani kujambula mwachisawawa, ndipo basi simungaikwanitse kuichita hayala. Yambani filimu mnyamatayo atatsika kale, chikwama m'manja, nambala ya foni yomwe anapatsidwa isakugwira. Owonera athu ulendowo akuudziwa, adzaudzaza okha m'mitu mwawo. Mayi ake kumudzi angakhalepo m'filimu yonse kudzera m'mauthenga a mawu a pa WhatsApp, ndipo mwina adzatigwira mtima kwambiri tisakuwaona.

Nkhani ya matchona ndi yakale kuposa ife. Agogo athu ankabwera kumigodi kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, mpaka ndege yonyamula anthu a kumigodi inagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi ambiri, Kamuzu n'kuimitsa ulendowo. Mabanja ambiri kwathu ali ndi wina amene anapita osabwerera. Ubwino wake ndi wakuti aliyense adzaimva nkhani yanu. Kuipa kwake ndi kwakuti aliyense akudziwa kale mathero amene ambiri amalemba: kufunafuna mpaka tsamba lomaliza, kukumana, kukumbatirana, misozi. Ine ndikanakhala inu, bamboyo ndikanamupeza pakati pa filimu. Ali ndi mkazi wina, ana ena, dzina lina, akulankhula Chizulu ndipo pamaso pa anthu akunamizira kuti Chichewa sakumva. Kuyambira pamenepo mwanayo afuna chiyani? Ndalama? Kupepesedwa? Kuti amutchule dzina lake basi? Filimu ili pamenepo. Nkhani ndi yanu, mukhoza kukana maganizo angawa, koma funsani script yanu funso lomwelo: pa tsamba lililonse mnyamatayu akufuna chiyani, ndipo akumutchingira ndani?

Pa zolankhula tili ndi matenda athuathu. Tinakulira pa wailesi, pa Sewero la Sabata Ino ndi zisudzo za kusukulu ndi kutchalitchi, komwe chilichonse chimayenera kunenedwa pakamwa chifukwa womvera sakuona, kapena wakhala kumbuyo kwa holo. Ndiye timalemba mwana akunena kuti: "Bambo, ndakhumudwa kwambiri chifukwa munatisiya pa umphawi kwa zaka zambiri." Pa kanema zimenezo n'zolemera pachabe. Aikeni awiriwo pa mbale ya nsima. Bambo atenge beseni kuti amusambitse m'manja, mwanayo manja ake akhale pamaondo osasuntha. Madzi adikire. Palibe mzere umene mungalembe woposa pamenepo.

Chinenero chakenso chikhale chimene anthu amalankhuladi. Mnyamata wa ku Mangochi mwina ndi mayi ake amalankhula Chiyao, ndi anzake a pa lendi Chichewa, ndi bwana Chingerezi chothyokathyoka, m'takisi mawu awiri atatu a Chizulu oti atsikire pabwino. Musalembe m'Chingerezi n'kudzamasulira pambuyo pake, zimamveka ngati chikalata cha ku ofesi. Ngati Chiyao simuchidziwa bwino, pezani mwini chinenero akonze mizereyo, ndipo mumulole kusintha. Mawu omasulira a pansi pa kanema adzabwera kumapeto, ndi ntchito ina payokha.

Wokukanizani woyamba mumupeze pano. Itanani anthu asanu ndi mmodzi, agawane mayina, awerenge script yonse mokweza, inu mukhale pakona ndi wotchi ndi cholembera, osafotokoza kanthu, osadziteteza. Pagululo pakhale munthu mmodzi amene sakukongolani kanthu ndipo sanyengerera, ngati amayi aja a kutchalitchi amene amakuuzani pamaso kuti lero kiyibodi inasokosa. Paliponse pamene wina watulutsa foni kapena wayasamula, ikani chizindikiro. Masamba 55 amene mukufuna kuchotsa mudzawapeza tsiku lomwelo.

Za kutsogolera ndinena mwachidule, chifukwa zambiri zimaphunziridwa ndi thukuta. Kamera musagwire nokha. Chimenecho ndi chipewa chachinayi, ndipo munthu amene diso lake lili pa fokasi, kuonetsetsa kuti chithunzi chisachite chimbuuzi, saona kuti wosewera akunama. Kuno ku Joni kuli ophunzira za mafilimu kusukulu ya AFDA ku Auckland Park ndi ku yunivesite ya Wits amene amafuna ntchito yoti adzaonetse, ena ali ndi zida zawo. Aonetseni script yabwino ndi ndondomeko yomveka, ena adzabwera pa ndalama yochepa. Osewera anu ambiri adzakhala a zisudzo za papulatifomu, ozolowera kutambasula manja ndi kutong'ola maso. Kamera ili pafupi, imaona ngakhale kumeza malovu. Musawauze kuti "khalani okhumudwa" kapena "onjezerani mkwiyo", chifukwa adzakupatsani nkhope yopanga. Apatseni chochita: pindani malaya awa ndipo musamuyang'ane mpaka atatchula dzina la mayi anu. Yesererani masabata angapo m'chipinda chenichenicho, ndipo usiku woti mawa mukujambula lembani mashoti onse (tizidutswa timene kamera idzajambule) papepala, n'kuika nyenyezi pa amene scene singakhalepo popanda iwo. Dzuwa likamathawa mudzadziwa oti muwataye.

Nyengo yabwino yojambula kuno ndi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Kumwamba kumakhala koyera tsiku ndi tsiku, ndiye scene yomwe munayamba Loweruka lino idzafanana ndi ya Loweruka linalo. Kungoti kumada msanga ndipo m'mawa kumazizira koopsa, konzani tiyi ndi mabulangete. M'chilimwe mvula ya mabingu ya masana imasintha kuwala m'mphindi zochepa. Magetsi musawadalire, nyali za batire zilipo, ndipo jenereta ikakhala pafupi imawononga mawu.

Pali mapepala amene simungawazembe. Kujambula mumsewu ndi gulu kumafuna chilolezo cha mzinda, ndipo a Gauteng Film Commission amathandiza kulozera koyenera kupempha. Park Station, masitolo akuluakulu ndi sitima ya Gautrain zili ndi eni ake, mlonda adzakuimitsani musanamalize shoti yoyamba. Drone yogwiritsa ntchito pa malonda ili ndi malamulo a bungwe loona za ndege la dziko lino la South Africa. Mfuti yoseweretsa musaitulutse pamsewu apolisi asakudziwa, Joni si malo ochitira masewera otere. Mwana wosakwana zaka 15 amafunika chilolezo cha ku dipatimenti ya zantchito kuwonjezera pa cha makolo. Ndipo aliyense wooneka nkhope asaine kapepala kovomereza. Apa pakufunikanso umunthu: mukudziwa kuti si abale athu onse amene mapepala awo ali bwino, ndipo si onse amene kumudzi akudziwa ntchito imene akugwira kuno. Muuzeni munthu momveka kuti filimuyi idzafika pa intaneti ndipo sidzachokapo. Akakana, wakana.

Tsopano ku makutu, komwe inu monga woimba muyenera kukhala katswiri kuposa tonsefe. Owonera amakhululukira chithunzi chakuda pang'ono, koma mawu osamveka sakhululukira, amangotseka. Ngati pali munthu mmodzi woti mumulipire mokwanira pa R45,000 yanuyo, ndi wojambula mawu, wokhala ndi boom (maikolofoni ya pa ndodo yaitali) ndi timaikolofoni tobisa m'malaya. Joni ndi mzinda waphokoso. Matakisi amaliza hutala kuyambira mbandakucha, mbalame zija za hadeda zimakuwa pakati penipeni pa mzere wabwino, kumbali ya Kempton Park ndi Boksburg ndege za ku OR Tambo sizipuma. Musanasankhe malo, pitani pa ola lomwe mudzajambule, tsinzinani mphindi ziwiri, mungomvetsera. Firiji muzimitse, ndipo makiyi a galimoto muike mkati mwake kuti musachoke musanaiyatse. Ine ndinagulapo nyama ya eni nyumba itawonongeka ndisanaphunzire zimenezi. Mukamaliza scene iliyonse, aliyense akhale chete mphindi imodzi mujambule mpweya wa chipindacho, umene timautcha room tone, chifukwa editor, wodula ndi kulumikiza zimene mwajambula, adzaufuna polumikiza mawu. Mawu ajambulidwe pa 48 kHz, zithunzi pa mafelemu 25 pa sekondi ngati mukulinga ku TV za kuno. Zonse zimene mwajambula tsikulo zikopedwe pa ma hard drive awiri, ndipo agone nyumba ziwiri zosiyana.

Wokukanizani wachiwiri ndi editor. Pulogalamu yodulira mafilimu ya DaVinci Resolve ilipo yaulere ndipo mukhoza kuiphunzira, koma musadule nokha filimu imene munalemba ndi kutsogolera. Inu mukaona shoti mumakumbukira kuti munadzuka 4 koloko ndi kukangana ndi mlonda kuti muipeze. Editor amangoona kuti ndi yotalika. Mgwirizano wanu ukhale wakuti mudule filimu yonse popanda nyimbo, mpaka itaima yokha. Ambiri amaika nyimbo zobwereka za m'mafilimu otchuka kuti "tingoyesera", kenako khutu limazolowera, ndipo chilichonse chimene mudzapeke chidzamveka chochepa. Kiyibodi isatsegulidwe mpaka kudula kutatha ndipo mwagwirizana kuti palibe felemu imene idzasunthenso.

Pa nyimbo ndichedwapo, chifukwa ndi pamene mukudzidalira kwambiri, ndiponso ndi pamene ndikukuoperani. Woimba kiyibodi kutchalitchi anaphunzitsidwa ntchito imodzi yaikulu: pasakhale chete. Abusa akatsitsa mawu, inu mumayala kanyimbo pansi, akakweza, mumakweza, akaitanira anthu kutsogolo, mumabweretsa mawu a zida za zingwe aja oliritsa. Kutchalitchi zimagwira. Mukazibweretsa mu filimu, mudzayala nyimbo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo mudzakhala mukuuza owonera kuti apa lirani, apa opani, ngati kuti alibe mitima yawo. Nyimbo yosalekeza khutu limasiya kuimva pakapita kanthawi. Scene ya beseni ija, mukaiikira piyano yachisoni mwaipha. Imafuna phokoso la madzi, supuni ya kuchipinda china, ndi galu wakutali.

Khalani pansi ndi editor, muonere filimu yonse, mulembe pamene nyimbo ilowe ndi pamene ituluke, mphindi ndi sekondi, komanso chifukwa chake m'mawu ochepa. Ngati chifukwa chake ndi chakuti "scene ikuoneka yozizira", vuto ndi scene, bwererani mukaidule. Mwa kuona kwanga, filimu ngati yanuyi ya mphindi 85 siyenera kupitirira mphindi 20 kapena 25 za nyimbo. Ndipo simukufunika nyimbo 15 zosiyana. Pekani kanyimbo kamodzi kakafupi, koti munthu angakaimbe mluzu potuluka, kakhale ka bamboyo. Poyamba kamveke patali, kosatha, mwina mwanayo akukang'ung'udza osadziwa kuti anakamva kwa yani. Pakati kabwere pa gitala. Tsiku lina bamboyo akaimbe mluzu akutsuka galimoto, osadziwa kuti mwana ali kumbuyo kwake. Pamenepo nyimbo yagwira ntchito imene wolemba sakanatha.

Zingwe ndi malipenga a mu kiyibodi zisiyeni. Chida chimodzi chenicheni chojambulidwa bwino m'chipinda chachete chimaposa gulu lonse la zida zabodza. Ndipo kwathu zida zilipo: bangwe, kaligo, sansi, valimba, mangolongondo, babatoni, gitala wokhwatchula mwa kwathu. Filimu ya Shemu Joyah ya The Last Fishing Boat inapata mphoto ya nyimbo pa Africa Movie Academy Awards mu 2013, ndiye musaganize kuti kamvekedwe ka kwathu n'kochepa pamaso pa akunja. Nkhani yanu ili ndi mwayi wina: pali nyimbo imene inayenda njira yomweyi ya mnyamata wanu, kungoti mobwerera. Kwela, ya kachitoliro kaja, inakula m'misewu ya Johannesburg m'zaka za m'ma 1950, n'kufika kwathu, komwe Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anaipatsa moyo wina. Chitoliro chimodzi ndi gitala zikhoza kunyamula Joni ndi Malawi nthawi imodzi popanda wina kufotokoza. Ngati mukufuna kumva zakale kwambiri, katswiri wosonkhanitsa nyimbo za mu Africa Hugh Tracey anajambula nyimbo zambiri ku Nyasaland m'zaka zomwezo. Nkhokwe yake ya International Library of African Music inakhazikitsidwa mu 1954 ku Roodepoort konkuno, n'kusamukira ku Rhodes University mu 1978. Kamvetsereni kuti muphunzire, koma kuziika mu filimu kumafuna chilolezo chawo.

Musangotola ng'oma iliyonse chifukwa ikumveka "yachikuda". Mnyamata wa ku Mangochi m'makutu mwake muli beni, manganje, mwina sikiri ndi kuitana kwa kumzikiti m'bandakucha. Mukamuikira ng'oma za gule wamkulu, wa ku Mangochi adzaseka, wa ku Dedza adzakwiya. Nyimbo za kudambwe, za kusimba ndi za maliro zili ndi eni ake ndi nthawi yake, funsani akuluakulu musanazigwire. Chinanso: nyimbo ya mawu isakhale pansi pa anthu akulankhula, chifukwa khutu silitsata pakamwa pawiri. Mukamasakaniza nyimbo ndi mawu a osewera, nyimbo itsike pansi kuposa mmene mtima wa woimba ukufunira, ndipo wosakaniza akhale munthu wina. Ameneyo ndiye wokukanizani wachitatu. Mumupatse zida zanu chilichonse pachokha, ndipo pomaliza musunge mawu a osewera padera, nyimbo padera, maphokoso ena padera. A TV ndi ogula mafilimu amazifuna choncho.

Ubwino waukulu wopeka nokha ndi wa umwini, ndipo apa ndikuuzeni zimene zinandigwera. Mu filimu yanga yoyamba munali scene ya pometera tsitsi, wailesi ikuimba nyimbo yotchuka ya kwathu. Tinaisiya dala kuti pamveke pamoyo. Patapita chaka, wailesi ina ya kanema inaifuna filimuyo, n'kupempha mapepala a nyimbo iliyonse. Ndinalibe. Nyimboyo inali italowa mu maikolofoni imodzi ndi mawu a osewera, yosachotseka, ndipo mmodzi wa osewerawo anali atabwerera ku Mzimba. Scene yonse inatayidwa, pamodzi ndi mzere umene unkafotokoza mathero. Chiyambire pamenepo wailesi imakhala yozimitsa pojambula, nyimbo timaika pambuyo.

Nyimbo iliyonse yojambulidwa ili ndi eni awiri: amene anaipeka, ndi mwini wa chojambulidwacho, amene nthawi zambiri ndi situdiyo kapena kampani. Mumafunika chilolezo cha onse awiri, cholembedwa. Kunena kuti "ndi mnzanga, anandilola pafoni" sikugwira. Lamulo la umwini la dziko lino, la 1978, limati kusamutsa umwini kukhale kolembedwa ndi kosainidwa. Umwini wa wopeka umatha patapita zaka 50 iye atamwalira, choncho nyimbo zina zakale za m'buku la kutchalitchi zikhoza kukhala zomasuka, koma mawu omasuliridwa, kakonzedwe katsopano, ndi kwaya imene yaimba zili ndi eni akeake. Woimba gitala kapena chitoliro amene mwamuitana asaine kuti walipidwa ndipo walola. Inunso mwini, lembani kapepala kosonyeza kuti inu wopeka mwalola filimuyi kugwiritsa ntchito nyimbozo. Zikumveka zoseketsa, koma tsiku limene mudzapeze wogula kapena mnzanu wothira ndalama mudzakafuna. Kenako lowani m'bungwe lotolera ndalama za oimba: kuno kuli SAMRO ku Braamfontein, yomwe ilipo kuyambira 1961, kwathu kuli COSOMA. Lembani cue sheet, mndandanda wa nyimbo iliyonse ya mu filimu, kutalika kwake ndi mwini wake. Filimu ikaonetsedwa pa TV, ndalama ya wopeka imatsata pepala limenelo.

Za kopeza ndalama zina, musayembekezere zambiri poyamba. Thumba la National Film and Video Foundation kwenikweni ndi la eni dziko lino, ndiye njira yake ndi kugwirizana ndi producer wa kuno, munthu woyendetsa ndalama ndi ntchito yonse ya filimu. Durban FilmMart, yomwe imakumanitsa opanga mafilimu ndi othira ndalama ndipo inayamba mu 2010, imalandira mapulani ochokera mu Africa monse, ndipo MultiChoice Talent Factory ili ndi sukulu ku Lusaka yomwe imatenganso Amalawi. Onsewa amafunsa chinthu chimodzi: tionetseni chimene munapangapo. Filimu ikatha, isanaonetsedwe kwa anthu olipira imayenera kupita ku Film and Publication Board kuti aipatse msinkhu wa owonera. Malo ngati The Bioscope ku 44 Stanley amaonetsa mafilimu a anthu odziimira paokha. Musathamangire kuiponya pa YouTube, chifukwa zikondwerero zambiri za mafilimu zimafuna imene sinaonekepo pagulu, komanso ikangofika pa intaneti, sabata yomweyo ili kale m'mamemori khadi a obena ku Limbe.

Ndiye mwandifunsa poyambira. R45,000 yonse musaiponye pa filimu yaitali chaka chino. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Tengani gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalamazo. Mu script yanu sankhani pamene bambo ndi mwana akumana koyamba m'nyumba, mupange kafilimu ka mphindi 10 kapena 12 koima pakokha: osewera atatu, chipinda chimodzi, masiku awiri, wojambula mawu wolipidwa. Kadzakuonetsani ngati wosewera wanu angathe kunyamula filimu yonse, ngati wa kamera amafika pa nthawi, ndiponso ngati inu mumatha kunena kuti "tabwerezanso" kwa munthu wamkulu kuposa inu. Ndiko kadzakhalenso chimene mudzaonetse ku Durban kapena kwa producer.

Editor akamaliza kukadula, muitane amayi aja a kutchalitchi adzakaonere kopanda nyimbo ngakhale imodzi. Inu muziyang'ana manja awo. Ngati afika kumapeto osatulutsa foni m'chikwama, pitani mukatsegule kiyibodi. Ngati aitulutsa, lembani mphindi imene aitulutsira, mubwerere nayo kwa editor.